Nkhanza za m'bwalo la masewero: kodi n'zamagazi kapena n'zophunzira?

Wosewera akapatsidwa khadi lofiira chifukwa chomenya mnzake, kapena masapota akayamba kugenda miyala m'bwalo, anthu amakonda kupereka zifukwa ziwiri zomwe zimamveka pa wailesi, m'minibasi ndi m'mbali mwa mabwalo a sukulu. Ena amati munthuyo ndi wamtima wapachala ndipo anabadwa choncho, kotero palibe chimene mphunzitsi wake akanachita. Ena amati bwalo la masewero ndiye malo oyenera kuphwetserapo mkwiyo, ndipo kuli bwino kuti mnyamata akwiyire mnzake pa mpira kusiyana n'kuti akachite ndewu kumudzi. Ine ndimaphunzitsa ana mpira wa miyendo sukulu ikaweruka, ndipo zifukwa ziwirizi zimandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti zonse zimachotsa udindo m'manja mwa ife akuluakulu. Akatswiri a maganizo a anthu akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 80, ndipo zambiri zomwe apeza zikutsutsa zimene timakhulupirira.

Tiyambe tasiyanitsa nkhanza ndi kusewera mwamphamvu, chifukwa zinthu ziwirizi zimasokonezedwa kawirikawiri. Wotseka kumbuyo amene wathamangira mpira ndi mphamvu zake zonse, naulanda motsatira malamulo, sanachite nkhanza ngakhale mnzakeyo agwe ndi kuvulala. Akatswiri amati chinthu ndi nkhanza pokhapokha ngati wochitayo ali ndi cholinga chopweteka munthu amene sakufuna kupwetekedwa, kaya m'thupi kaya mumtima, ndipo n'chifukwa chake kutukwana kumawerengedwanso m'gulu lomweli. Nkhanzazo amazigawa pawiri. Pali zochokera mu mkwiyo, pamene kupweteka mnzako ndiko cholinga chenicheni, ndipo pali zochita mwadala ndi mutu woziziritsa pofuna kupeza chinthu china, monga kupambana kapena ndalama.

Mtundu woyambawu tinauona pa 9 July 2006 ku Berlin, pa masewero omaliza a World Cup pakati pa France ndi Italy. Pa mphindi ya 110, Zinedine Zidane, amene ankasewera mpira wake womaliza, anatembenuka nagunda Marco Materazzi pachifuwa ndi mutu atamunenera mawu achipongwe okhudza mlongo wake. Palibe phindu lililonse limene France ikanapeza pamenepo. Zidane anatulutsidwa, ndipo Italy inapambana pa mapenate 5-3. Mtundu wachiwiri unaonekera poyera mu 2012 mu mpira wa ku America, uja osewera amagundana atavala zipewa zolimba, pamene bungwe la NFL linaulula kuti osewera a New Orleans Saints ankapatsana ndalama akavulaza adani awo. Mphunzitsi wamkulu wa timuyo, Sean Payton, anaimitsidwa chaka chonse cha masewero, ndipo timuyo inalipitsidwa chindapusa cha $500,000. Apa panalibe kupsa mtima kwadzidzidzi, koma kuwerengera phindu.

Ganizo lakale kwambiri pa nkhaniyi ndi lija loti nkhanza n'zachibadwa. Sigmund Freud analemba mu 1920 kuti mwa munthu muli chilakolako chowononga, koma amene analifikitsa ganizoli ku masewero ndi Konrad Lorenz wa ku Austria, katswiri wa khalidwe la nyama amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1973. M'buku lake la 1963 iye anati ukali umadziunjika mwa munthu ngati madzi odzaza m'damu, ndipo ukapanda kutsegulidwira njira umaphulika wokha. Anaona masewero ngati ngalande yabwino yotulutsira madziwo popanda kuwononga mudzi, ndipo ankayembekezera kuti mipikisano ya pakati pa mayiko ingachepetse ngakhale nkhondo. Ganizoli n'lokoma kumva, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa ife tinakula nalo ngakhale dzina la Lorenz sitinalimvepo. Vuto ndi loti anthu atayamba kuliyesa, linalephera mobwerezabwereza.

Jeffrey Goldstein ndi Robert Arms anafunsa mafunso amuna amene anapita kukaonera mpira wa ku America pakati pa matimu a Army ndi Navy ku Philadelphia mu 1969, ena masewero asanayambe ndipo ena atatha. Lorenz akanakhala kuti ankanena zoona, oonerawo akanatuluka m'bwalo mitima itazizira. Zotsatira zomwe anasindikiza mu 1971 zinasonyeza kuti chidani chinakwera masewero atatha, ndipo chinakwera mwa onse, a timu yopambana ndi a timu yogonja omwe. Atachita chimodzimodzi pa mpikisano wa gymnastics, umene ulibe kugundana, sanapeze kukwera kotere. Mu 1973 Richard Sipes anayerekeza mitundu ya anthu yokonda nkhondo ndi mitundu yamtendere, napeza kuti masewero ankhondonkhondo amapezeka kwambiri pakati pa okonda nkhondo, kutanthauza kuti masewero otere sathetsa ukali koma amayendera nawo limodzi.

Kafukufuku amene anandikhudza kwambiri ndi wa Brad Bushman wa mu 2002. Anauza ophunzira a ku yunivesite kuti alembe nkhani, kenako anawabwezera nkhanizo ndi mawu onyoza omwe ankaoneka ngati achokera kwa wophunzira mnzawo. Gulu lina linauzidwa kumenya thumba la ankhonya likuganizira munthu wowanyozayo, gulu lina kumenya thumbalo likuganizira zolimbitsa thupi, ndipo gulu lachitatu linangokhala chete kwa mphindi ziwiri. Pambuyo pake onse anapatsidwa mwayi wolanga wowanyoza uja ndi phokoso lopweteka m'makutu. Amene anamenya thumba akumuganizira ndiwo anatsala ndi mkwiyo waukulu ndipo anamulanga kwambiri, pamene ongokhala chete anachita nkhanza zochepa. Ndikaganizira aphunzitsi a matimu amene amauza mwana wokwiya kuti alowe m'bwalo akatulutsire mkwiyo wake pa mdani, ndimaona kuti akumupatsa mwayi woyeserera nkhanza ndi kuzizolowera. Sindikukana kuti anthu amabadwa ndi mitima yosiyana, ena yofulumira kupsa ndi ena yodekha, ndipo ndimaziona mwa ana a mimba imodzi. Komabe chibadwa sichingafotokoze chifukwa chimene wosewera mmodzi yemweyo amakhala wofatsa pa timu ina ndi wandewu pa timu ina.

Ganizo lachiwiri linabadwira ku Yale University mu 1939, pamene John Dollard, Neal Miller ndi anzawo atatu analemba kuti nkhanza zimachokera ku kutsekerezedwa. Munthu akamalondola chinthu chimene akuchifunitsitsa, wina n'kumuimira panjira, mtima umamuwawa ndipo amafuna kupweteka. Masewero ampikisano anamangidwa pa kutsekerezana kumeneku, pakuti ntchito ya mdani wako ndi kukulepheretsa kuchita chimene wabwerera. Onjezerani woyimbira amene wakana chigoli chooneka bwino, nthawi imene ikutha timu ikutsalira, ndi masapota amene akukuwiza, ndipo mudzaona chifukwa chake ganizoli linalandiridwa msanga ndi anthu a zamasewero. Pa 28 June 1997 ku Las Vegas, Mike Tyson anali atagonja kale kwa Evander Holyfield m'nkhonya yawo yoyamba, ndipo m'nkhonya yachiwiriyi anali atachekeka pamwamba pa diso atagundana mitu, woyimbira n'kunena kuti zinachitika mwangozi. M'chigawo chachitatu Tyson analuma khutu la Holyfield mpaka kuduka kachidutswa. Analandidwa chiphaso chomenyera nkhonya ndi kulipitsidwa $3 miliyoni. Eric Cantona wa Manchester United nayenso anadumphira sapota wa Crystal Palace ndi chidendene pa 25 January 1995 atangopatsidwa kumene khadi lofiira, sapotayo akumutukwana.

Dollard ndi anzake anapitirira malire ponena kuti kutsekerezedwa kulikonse kumabala nkhanza, ndipo Miller mwiniwake anafewetsa mawuwo mu 1941. Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa bwalo akudziwa kuti ana khumi ndi mmodzi akagoletsedwa pa mphindi yomaliza, wina amalira, wina amakhala pansi, wina amathamangira kukatola mpira kuti ayambirenso, ndipo mwina mmodzi yekha ndiye amaponya chibakera. Amene anakonza ganizoli bwino ndi Leonard Berkowitz wa ku University of Wisconsin. Iye anati kutsekerezedwa kumangobala mkwiyo ndi kukonzekeretsa munthu, koma kuti mkwiyowo usanduke ndewu pamafunika chizindikiro china pamalopo chimene munthuyo anachizolowera kuti chimayendera limodzi ndi nkhanza. Mu 1967 iye ndi Anthony LePage anakwiyitsa ophunzira powapweteka ndi mphamvu ya magetsi yochepa, kenako anawapatsa mwayi wobwezera. Pa tebulo la ena panali mfuti ziwiri, pa la ena panali zomenyera badminton, ndipo pa la ena panalibe kanthu. Okwiya amene anaona mfuti ndiwo anabwezera kwambiri. Akatswiri ena akhala akutsutsana za kukula kwa mphamvu ya mfutizo, koma mfundo yoti malo ndi zooneka zimakankha munthu wokwiya yakhazikika.

Mu 1989 Berkowitz anawonjezera kuti chilichonse chosautsa, monga ululu, kutentha kwa dzuwa kapena phokoso, chingathe kuchita zomwe kutsekerezedwa kumachita. Alan Reifman, Richard Larrick ndi Steven Fein anapeza mu 1991 kuti mu baseball ya ku America oponya mpira amagenda omenya kawirikawiri pa masiku otentha kwambiri. Mark Frank ndi Thomas Gilovich anasonyeza mu 1988 kuti matimu ovala yunifolomu yakuda mu NFL ndi mu NHL, ligi ya hockey ya pa madzi oundana, ankalangidwa kwambiri kuposa anzawo, mbali ina chifukwa cha khalidwe la osewera ndipo mbali ina chifukwa oyimbira ankawaona ngati ankhanza. Kwa ife amene timasewetsa ana masana a October dzuwa likuswa mtengo, nkhani ya kutenthayi si yongowerenga ayi. Koma zizindikiro zamphamvu kwambiri pa mabwalo athu ndi mawu. Munthu wamkulu akakuwa kuti "Mthyole!" kapena "Mpira udutse, munthu asadutse!", mwana amene wakwiya kale wamva chilolezo chochokera kwa munthu amene amamulemekeza.

Apa ndi pamene ganizo lachitatu, limene ine ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa onse, limalowera. Albert Bandura wa ku Stanford University, pamodzi ndi Dorothea Ross ndi Sheila Ross, anatenga ana 72 a zaka za pakati pa 3 ndi 6 mu 1961. Ena mwa iwo anaonerera munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa chotchedwa Bobo, kuchikhalira, kuchimenya ndi nyundo yamtengo ndi kuchikankha ndi mwendo akulankhula mawu aukali. Ena anaonerera wamkulu akusewera mwamtendere, ndipo ena sanaonerere aliyense. Anawo atasiyidwa m'chipinda chokhala ndi chidolecho, amene anaona nkhanza anazibwereza, mpaka kamenyedwe kake ndi mawu omwe. Palibe amene anawauza kutero ndipo palibe amene anawalonjeza kanthu.

Kafukufuku wake wa 1965 ndiye ali ndi phunziro lakuya kwa aphunzitsi a masewero. Ana anaonetsedwa filimu ya munthu womenya chidole chija, koma mathero ake anali osiyana: ena anaona womenyayo akuyamikiridwa ndi kupatsidwa maswiti, ena anamuona akudzudzulidwa, ndipo ena sanaone chotsatira chilichonse. Amene anaona chilango sanatengere kwambiri. Koma Bandura atalonjeza mphotho kwa mwana aliyense amene angasonyeze zomwe anaona, kusiyanako kunatha, ndipo onse anamenya chidole mwaluso. Izi zikutanthauza kuti onse anali ataphunzira nkhanzazo, ndipo chimene chinkasiyana ndi chiyembekezo chawo cha zomwe zingawachitikire akazichita. Mwana aliyense wa m'timu yanga amadziwa kugwiritsa ntchito chigongono podumphira mpira wam'mwamba ndi kuponda chidendene cha mnzake woyimbira akayang'ana kumbali, chifukwa amaonera mpira wa ku England m'nyumba zoonetsera mpira monga tonsefe. Chimene chimaweruza ngati achita kapena ayi ndi nkhope yanga, mawu a anzake ndi manja a oonerera pa nthawi yoyamba imene ayesa.

Michael Smith, katswiri wa ku Canada, anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri mu hockey ya pa madzi oundana, masewero amene ndewu ya zibakera inazolowereka. Anapeza kuti anyamata ambiri ankanena poyera kuti njira zopwetekera mdani mobisa anaziphunzira poonera akatswiri akuluakulu, ndipo amene ankamenyana kwambiri ndi omwe ankakhulupirira kuti makolo awo, aphunzitsi awo ndi anzawo amavomereza ndewu. Mphotho yake sikhala ndalama nthawi zonse. Kawirikawiri ndi dzina lotamanda limene masapota amapatsa wotseka kumbuyo wowopsa, ndi malo okhazikika m'timu, ndi mphunzitsi amene amamudzudzula pamaso pa woyimbira koma n'kumusisita pamsana m'chipinda chovalira. Ana amawerenga bwino kwambiri kusiyana kwa zomwe timanena ndi zomwe timakondwera nazo.

Nkhani ya Roy Keane, amene ankasewera ku Manchester United, imasonyeza mmene mkwiyo ndi chikhalidwe cha timu zimagwirizanirana. Mu September 1997 Keane anaduka mtsempha wa bondo polimbana ndi Alf-Inge Haaland, amene nthawi imeneyo ankasewera ku Leeds United, ndipo Haaland anaima pamwamba pake akumunena kuti akunamizira. Mu April 2001, Haaland ali ku Manchester City, Keane anamuponda bondo ndi nsapato pa Old Trafford napatsidwa khadi lofiira. M'buku la mbiri yake la 2002 anafotokoza zochitikazo mosonyeza kuti anachita dala, ndipo bungwe la mpira ku England linamuletsa masewero ena asanu ndi kumulipitsa £150,000. Mkwiyo wosungidwa zaka zoposa zitatu sungatchedwe kupsa mtima kwadzidzidzi. Umafuna munthu amene waphunzira kuti kubwezera ndi ulemu wa mwamuna, ndipo mpaka lero pali okonda mpira ambiri amene amakamba nkhaniyi momutama.

Brenda Bredemeier ndi David Shields anawonjezera mbali ina m'zaka za m'ma 1980. Atafunsa osewera mafunso okhudza chabwino ndi choipa, anapeza kuti ambiri amaganiza mokhwima pa nkhani za moyo wa tsiku ndi tsiku, koma akafunsidwa za m'bwalo muyeso wawo umatsika, ngati kuti likhweru loyamba likalira chikumbumtima chimapatsidwa tchuthi ndipo udindo wonse woweruza umasiyidwa kwa woyimbira. Mnyamata amene sangaponde dala mwendo wa mnzake pamsika amatha kutero pa mpira n'kunena kuti woyimbira sanaone, choncho palibe mlandu. Ndimaona kuti ichi n'choopsa kwambiri kwa ife amene timauza makolo kuti masewero amaumba khalidwe la mwana, chifukwa amaumbadi, koma mbali imene akuumbira imadalira amene akutsogolera.

Za masapota ndingonena mwachidule, ngakhale ndi kumene kwatayika miyoyo yambiri. Pa bwalo la mpira la Heysel mu mzinda wa Brussels anthu 39 anafa pa 29 May 1985, ku Port Said m'dziko la Egypt anthu oposa 70 anafa pa 1 February 2012 masewero a Al Masry ndi Al Ahly atatha, ndipo kuno kwathu sapota anataya moyo pa bwalo la Balaka kumapeto kwa 2013 pa zipolowe za masewero a Silver Strikers ndi Wanderers. M'chigulu munthu amamva kuti sakuoneka ndipo mlandu si wake yekha, mowa umachepetsa mantha, ndipo timu imasanduka mbali ya dzina lake kotero kuti kugonja kwake kumamveka ngati chipongwe kwa iye mwini. Zonse zitatu zija zimakumana pamenepo: kutsekerezedwa, zizindikiro za ndewu, ndi chitsanzo cha woyamba kuponya mwala amene palibe wamugwira dzanja.

Wina angafunse ngati chilango chokhwima chingathetse vutoli, ndipo nkhani ya Luis Suárez imatichenjeza kuti tisadalire chilango chokha. Analuma Otman Bakkal mu 2010 ali ku Ajax naletsedwa masewero 7, analuma Branislav Ivanović mu 2013 ali ku Liverpool naletsedwa masewero 10, ndipo analuma Giorgio Chiellini pa 24 June 2014 pa World Cup ya ku Brazil naletsedwa masewero 9 a dziko lake ndi miyezi inayi ya mpira uliwonse. Chilango chinkakula koma khalidwe linkabwerera, ndipo patangopita milungu yochepa kuchokera pa kuluma kwachitatu, Barcelona inamugula ndi ndalama zambiri. Chilango chimagwira ntchito bwino pa nkhanza zowerengera phindu, chifukwa wochitayo amayeza zomwe ataye ndi zomwe apeze. Pa nkhanza za mkwiyo wadzidzidzi munthu sawerengera kanthu, ndipo chimene chimathandiza ndi kuphunzira kale kuzindikira kuti mtima wayamba kutentha ndi kudziwa chochita pa masekondi ochepa amenewo.

N'chifukwa chake pa maphunziro athu ndimaika dala nthawi imene ndimayimba molakwika, kukana chigoli chabwino kapena kupereka penate yosayenera, ana atauzidwa kale kuti zimenezi zichitika. Cholinga n'chakuti azolowere kumva kuwawa kwa kulakwiridwa, apume mozama, achoke pamalopo ndi kubwerera pa malo awo osewera, kufikira zitakhala chizolowezi cha thupi. Mwana amene wapweteka mnzake mwadala amatuluka nthawi yomweyo ngakhale akhale wogoletsa wathu wodalirika ndipo ngakhale woyimbira asaone, pakuti ana ena onse akuyang'ana kuti aone ngati luso limagula chikhululukiro. Amene walanda mpira mwamphamvu koma mwaukhondo ndimamutchula dzina mokweza kuti onse amve chimene chimayamikiridwa. Gawo lovuta kwambiri ndi la akuluakulu oima kunja kwa mzere, ndipo masewero asanayambe ndimapita kwa makolo ndi achibale a ana athu kukawapempha mwaulemu kuti achemerere mwana wawo ndi dzina lake mmene angathere, koma mawu ouza mwana kuthyola mnzake asamveke kuchokera kumbali yathu ya bwalo.